Nsalu Imene Unaisiya Pansi pa Matiresi

Ulongwe,
Lachisanu masana.

Asiyatu mwanangu,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kwa amjomba ako, mlongo wanga uja, kokatsazika. Ndikudziwa kuti sakumasula msanga, chifukwa a Che Saidi akayamba kulangiza munthu tiyi amazizira kawiri. Choncho nthawi ndili nayo. Bambo ako ali pakhonde ndi makina awo, akutsitsa mpendero wa siketi yako yachitatu. Akuti bondo lisaoneke ngakhale pokwera basi, kuopa kuti apolisi angakutsitse pa Liwonde usanaione n'komwe koleji ya ku Zomba. Ndawauza kuti akapitiriza ukhala ukusesa nayo msewu, koma sakundimva.

Nkhani yanga ndi iyi. M'mawa uno ndinatulutsa matiresi ako kuti aone dzuwa, ndipo pansi pake ndinapeza nsalu yako, yopindidwa bwinobwino ngati munthu waibisa mwaulemu. Ndikunena nsalu ija wakhala ukuijambula ndi kuinyika miyezi isanu ndi iwiri. Sutikesi unaisiya yotsegula, ndiye sindinachite kufufuza. Muli zithunzi zitatu za papepala: mbale ya maapozi, nyumba yokutidwa ndi chipale chofewa imene unatengera pa kalendala ya kusitolo, ndi nkhope ya bambo ako akulowetsa ulusi m'singano.

Kalata ya kukoleji ndaiwerenganso kawiri. Ikuti aliyense wofuna kalasi ya zojambula abweretse ntchito zitatu za manja ake sabata yoyamba, ndipo aphunzitsi akaziona ndiye asankhe olowa. Otsalawo awapititsa ku maphunziro ena. Ikuti malo ndi ochepa. Palibe pamene ikunena kuti ntchitoyo ikhale ya papepala. Ndayang'ana ndi kuseri komwe.

Chifukwa chimene waisiyira ndikuchidziwa. Makoma a nyumba ino si a mwala. Ndinamva tsiku lija mnzako wa ku Limbe, amene munali naye ku sekondale, atabwera kudzacheza. Unamutambasulira nsaluyo, iye n'kuseka, amvekere, "Aa, Asi, chitenje cha agogo chimenechi ukapite nacho ku koleji? Akakufunsa ngati wabwera kudzagulitsa." Iwe unaseka naye, koma madzulo ake sunadye.

Sindikuuza kuti mnzakoyo walakwa, chifukwa sindikudziwa. Sindinaphunzirepo kukoleji imeneyo. Chimene ndikudziwa ndi zolakwa zanga, ndipo zimenezo ndili nazo zokwanira. Zina unazimva kale kwa anthu, koma anthu amawonjezera mchere. Imva kwa mwiniwake.

Cholakwa choyamba chinachitikira kwathu ku Nselema, chaka chimene ndinayamba uphunzitsi. Msuweni wanga ankakwatiwa, ndipo ine ndinadzipereka kunyika mipango ya amayi asanu ndi atatu ophika ndi kupereka chakudya, kuti onse afanane. Ndinali nditawerenga m'buku kuti makungwa a mbawa amatulutsa utoto wofiirira. Bukulo silinaname. Koma linanenanso kuti nsalu ikhale mumphika nthawi yaitali, kenako itsukuluzidwe mpaka madzi ayere, ndipo tsamba limenelo ndinalidumpha chifukwa ukwati unali mawa lake. Ndinaviika, ndinayanika, ndinasita. Mipango inakongola moti amayi ankadziyang'ana m'madzi a mumtsuko.

Nthawi yopereka mpunga itakwana, mvula yoyamba ya chaka inangoti khuu. Amayi aja anali pakati pa bwalo, mbale zili pamutu. Pofika pamsasa pamene panakhala amuna, madzi ofiira anali akuyenderera m'makosi, m'manja, mpaka kudontha mumpunga. Mayi wina powerama kuti aike mbale, mpango wake unadonthezera pa mkanjo woyera wa ashehe, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ashehe anayang'ana mkanjo, anayang'ana ine, n'kunena mofatsa, "Mwanangu, ine anandiitana kudzamanga ukwati. Za kunyikidwa sanandiuze." Anthu anaseka mpaka ena kutsamwa. Azakhali a mkwati sanaseke. Anandipeza kuseri kwa khitchini n'kundifunsa, "Aphunzitsi, kodi inu mumanyika nsalu kapena anthu?" Mpaka lero ndikapita ku Nselema alipo okalamba amene amandilonjera kuti Amayi a Mpunga Wofiira.

Pamenepo ndi pamene panachokera lamulo limene wakhala ukudandaula nalo kuyambira uli wamng'ono: yesa pa kansanza. Nyika kachidutswa, ukadule patatu. Kamodzi usunge m'bokosi mopanda kuwala, kena uchape ndi sopo kanayi, kachitatu uike padenga masabata atatu. Kenako uziike pamodzi uone. Maso akunyenga tsiku loyamba, chifukwa utoto uliwonse umakongola ukadali wonyowa. Ndi njira imeneyi ndinadziwira kuti madzi a misomali ya dzimbiri amasandutsa utoto wa makungwa kukhala wakuda wosachoka, ndi kuti chikasu cha makoko a anyezi chimasangalatsa mwezi umodzi kenako n'kuthawa. Usaiwale, Asiyatu, yesa pa kansanza. Lamuloli si la utoto wokha, koma zimenezo ndibwererako.

Cholakwa chachiwiri n'chachifupi, ndipo unalipo, ngakhale unali kumsana. Ndinajambula nsalu yonse ndi phala la chinangwa, monga umachitira iwe, kuti pamene pali phala utoto usalowe. Ntchito ya masiku anayi, ndi nthenga ya nkhuku. Ndinaiyanika pa chitsamba kuseri kwa nyumba n'kupita kusukulu. Ine ndinkaona zojambula, koma mbuzi za amjomba ako zinaona chakudya. Pobwera ndinapeza zanyambita phala lonse, ndipo yaikulu ija inali itayamba nsalu yeniyeniyo. Nditakadandaula, a Che Saidi anangoti, "Mlongo wanga, ukaphikira mbuzi phala usadabwe zikabwera kudzadya." Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Ku Zomba mbuzi mwina n'zochepa, koma ndamva kuti anyani amatsika m'phiri, ndipo chinyezi chakumeneko chimachititsa nsalu chuku. Yanika pamwamba, ndipo usapinde chinthu chisanaumitsitse.

Cholakwa chachitatu chili pakhoma la pabalaza, m'felemu, ndipo umachiona tsiku lililonse. Chaka chimene unabadwa kunali chionetsero cha zaulimi ku Balaka, ndipo kunali gawo la ntchito za manja. Ndinali ndi nsalu yakuda ndi yoyera imene ndinkainyadira, koma iwe unali ndi masabata awiri okha, sindikanatha kuyenda. Bambo ako anaimanga panjinga n'kupita nayo. Atafika, kalaliki anangoti, "Dzina?" osakweza n'komwe mutu. Bambo ako, munthu woona mtima, anatchula dzina lawo, poti ndi limene anafunsidwa. Nsalu inapambana. Poitana wolandira mphotho anaitana iwo. Akuti anayesa kufotokoza kuti mwiniwake ali kunyumba ndi khanda, koma kalaliki anati satifiketi yalembedwa kale ndi inki, ndipo ina palibe.

Anabwera madzulo ndi satifiketi ndi ketulo, nkhope ili ngati munthu amene wagunda nkhuku ya eni. Mwezi wonse anthu ankaima pakhonde n'kumati, "A Telala, koma ndiye muli ndi manja!" Iwo ankayankha, "Manja ndili nawo, koma awa ndi a m'nyumbamo." Palibe ankakhulupirira; ankati ndi kudzichepetsa. Ketuloyo ndi yomwe timaphikira tiyi mpaka lero, ndipo ukudziwa kuti akafuna kundiputa amati, "Amayi, taterekani ketulo yanga ija."

Ife timaseka, koma pali china chosaseketsa. Kalaliki uja sindimuimba mlandu, bambo akonso iyayi. Wolakwa ndinali ine, chifukwa pansalupo panalibe dzina. Ndinkaona ngati kulemba dzina ndi kudzikweza. Kuchokera apo ndabwereka mabuku angapo onena za luso la anthu a mu Africa muno, ndipo ndinaona chinthu chimodzi. Pansi pa chithunzi chojambulidwa ndi mwamuna pamakhala dzina lake. Pansi pa nsalu, mphika kapena mphasa amangolemba mtundu wa anthu ndi dera, ngati kuti mtundu wonse unakhala pansi n'kuumba mphika umodzi. Koma mphika uliwonse unaumbidwa ndi mayi mmodzi, amene anali ndi dzina, amene mwina ankakangana ndi mnzake za kapindidwe ka mlomo wake. Dzina lako uzililemba pa ntchito yeniyeniyo, ndi ulusi kapena utoto. Pepala limasochera, ndipo kalaliki sakweza mutu.

Chachinayi ndichinena mwachidule, ndipo uchimve mwachidule. Tsiku lina ndinkasoka chofunda cha zigamba. Ndinatenga nsanza zonse za m'nyumba, kuphatikizapo nsalu yakale ija timavala povina pamisonkhano ya Chipani, imene inali itang'ambika. Ndinkangoyang'ana mitundu, osaona chimene lumo likudutsa. Bambo ako podutsa anaima, anatola kachigamba kamodzi n'kukayang'anitsitsa. Panali khutu la nkhope ija ya pansaluyo. Anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya, anatolera zotsala zonse za nsalu imeneyo, n'kubwerera kumakina awo. Sitinakambirane tsiku limenelo, ndipo sitinakambiranebe. Uziyang'ana chimene ukudula. Khadi lako la Chipani lizikhala m'chikwama nthawi zonse. Mnzako akadzati, "Iwe umatha nkhope, tandijambulira wakutiwakuti tiseke," umuuze kuti umajambula atelala okhaokha. Apa ndalekeza, nzeru uli nazo.

Tsopano cholakwa chachikulu, chimene sindinakuuzepo, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi ndi cholembera masana ano.

Ku Nselema, ndili mtsikana, kunali mayi wina dzina lake Abiti Mtila. Ankagulitsa fodya wonunkhiza pamsika, ndipo pakamwa pake panali poopsa kuposa fodyayo. Koma anthu akakolola, nyumba zikazirwa, aliyense ankafuna kuti khoma lake lijambulidwe ndi iye. Ankayenda mtunda wautali kukakumba dothi loyera kudambo, lofiira kuchulu, lakuda ankasakaniza ndi makala osinja. Burashi analibe. Ankagwiritsa zala, nthenga ndi chitsononkho. Tsiku lina anandipeza nditaima ndikuonerera, n'kundikalipira, "Iwe mwana wa sukulu, manja amenewo ndi odyera basi? Gwira chikho ichi." Ndinamugwirira chikho zaka zinayi. Chojambula chilichonse chinali ndi dzina lake: mano a ng'ona, njira ya chiswe, maanga a nkhanga, khoka la ku Chiuta. Ndikalakwitsa mzere ankafuta ndi chikhatho n'kunena, "Ng'ona yako yaguluka mano. Bwereza." Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi. Chaka chachinayi anangondisiyira khoma lonse n'kupita kumsika, ndipo ndinadziwa kuti kuyamikira kwake n'komweko.

Nditapita kukoleji ya aphunzitsi, mphunzitsi wathu wa zosoka anatiuza kuti aliyense apange chojambula chake choti apete pa nsalu ya patebulo. M'mutu mwanga munali zojambula za Abiti Mtila zoposa makumi atatu. Sindinatenge ngakhale chimodzi. Ndinaona atsikana a m'tauni ndi nsapato zawo, ndipo ndinachita manyazi ndi dothi la kwathu. Ndinapeza chitini cha mabisiketi chokhala ndi maluwa a kunja, n'kuwakopera mosamala kwambiri. Mphunzitsi atafika pa ine anayang'ana nthawi yaitali.

"Maluwa awa munawaona kuti?"

"Pa chitini, madamu."

"Ndiye chitini chakhoza bwino. Nanga inuyo ntchito yanu ili kuti?"

Kalasi yonse inaseka, ndi atsikana a nsapato omwe. Amene anapambana tsiku limenelo anali mtsikana wachete wa ku Karonga, amene anapeta kalukidwe ka mphasa ya amayi ake. Ine ndinalandira malikisi apakati, oyenera munthu wokopera bwino.

Kuseka kumeneko ndinakuiwala msanga. Chimene sindinaiwale ndi ichi. Patchuthi choyamba ndinadutsa pamsika, Abiti Mtila anandiitana, "Aphunzitsi, chikho chikukudikirani!" Ndinali ndi mnzanga wa kukoleji. Ndinangomwetulira n'kupitirira, ngati ndi munthu amene amangolankhula ndi aliyense. Ndinkati ndidzapita tsiku lina ndili ndekha. Tchuthi chinatha, china chinabwera, ndinatanganidwa. Pamene ndinamaliza maphunziro n'kubwerera, anali atamwalira miyezi ya mvula, ndipo mvula yomweyo inali itatsuka makoma onse. Khoma la dothi silisunga chojambula kupitirira chaka. Chimakhalapo chifukwa wina amachibwereza. Panalibe wobwereza. Wophunzira wake ndinali ine ndekha, ndipo ndinali kokopera chitini.

Ndinagula kope n'kukhala pansi kuti ndilembe zimene ndikukumbukira. Ndinapeza khumi ndi zisanu ndi zinayi zokha. Zinazo mayina ndikuwadziwa, koma mizere yake inachoka. Pali china ankachitcha mphepo ya mwera. Ndayesa zaka makumi awiri, sichibwera. Sindine munthu wolira pa zinthu zimene sizingabwezedwe, ukundidziwa. Ndikungokuuza kuwerengera kwake: zoposa makumi atatu, kutsala khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chimene chinadya zinazo si mvula koma manyazi anga.

N'chifukwa chake ndinazisamutsa kuchoka pakhoma kupita pansalu, poti nsalu imapirira mvula, ukaiyesa kaye pa kansanza. Ndipo n'chifukwa chake sindinathe kungoibwezera nsalu yako pansi pa matiresi m'mawa uno.

Tiye tione zinthu monga zilili, osati monga mayi amaonera mwana wake. Nsalu ndaitambasula pabedi, zithunzi zako zitatu pambali pake. Maapozi ndi abwino, koma iwe apozi unadyapo kawiri moyo wako wonse, ndipo mthunzi wake wagwera mbali imene kukuchokera kuwala. Nyumba ya chipale chofewa ndi chitini changa cha mabisiketi; aphunzitsi amenewo makalendala amawaona. Nkhope ya bambo ako ndi ntchito yeniyeni. Wagwira mmene amatulutsira nsonga ya lilime akamalowetsa ulusi, chinthu chimene iwo amakana kuti sachita. Chimenecho upite nacho osaopa.

Nsaluyo ili ndi zolakwa ziwiri. Kumunsi chakumanzere phala linasweka, utoto unalowa, ndipo mzere umodzi wa maanga a nkhanga wapendekeka. Akakufunsa uvomere, usanene kuti unachita dala. Koma mwa zojambula khumi ndi chimodzi zimene zilipo, zisanu ndi ziwiri ndi za Abiti Mtila, ndipo zinayi sizili m'kope mwanga. Ndafufuza tsamba ndi tsamba. Chija cha mawilo a njinga olowana ndi madengu a chimanga, monga amaonekera pamsika wa Ulongwe ukaima pamwamba pa mlatho wa ngalande, ndi chako. Palibe anakuphunzitsa. Wakuda wake wachapidwa kanayi ndipo wakhala padenga masabata atatu, ndinaona ndekha tizidutswa take. Mnzako wa ku Limbe anaiyang'ana nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi.

Ndiye ndabwerera ku lamulo lija. Mawu a mnzakowo ndi utoto wosayesedwa. Mwina ndi wokhalitsa, mwina uchoka ndi mvula yoyamba. Iwe wanyika nawo nsalu yonse osadula kansanza. Njira yoyesera ndi imodzi yokha: uitambasule pamaso pa anthu amene ntchito yawo ndi kuona zinthu zoterezi, n'kumva chimene anene. Sindikulonjeza kuti akaikonda. Angathe kunena kuti si zimene amaphunzitsa, ndipo akatero udzakhala wadziwa chinthu choona. Koma ukaisiya pansi pa matiresi n'kukalephera ndi maapozi, sudzadziwa chimene chikanachitika, ndipo funso limenelo limakhala nthawi yaitali kuposa manyazi. Ine langa ndakhala nalo kuyambira usanabadwe.

Zina zonse akuuza kale amjomba ako, ndipo akuuzanso mawa pokwera basi: mapemphero ako a swala, anzako, anyamata. Ine ndingowonjeza kuti uzidya m'mawa, uzitsuka burashi usanagone, ndipo laibulale uilowe sabata yoyamba, usadikire mayeso. Ukapezamo buku lotchula mayi wojambula ndi dzina lake, undilembere dzinalo.

Ndamva njinga ya amjomba ako ikulira kumsewu, ndiye akukuperekeza, ndipo ndiyenera kufulumira. Zithunzi zako zitatu sindinachotse ngakhale chimodzi, kusankha n'kwako. Bambo ako okha ndi amene apempha kuti nyumba ya chipale chofewa ikatsala uwabweretsere patchuthi. Akuti akaiyang'ana mwezi wa Okutobala azimvako kuzizira. Nsalu ndaiika pansi penipeni pa sutikesi, kunsi kwa bulangeti, ndipo kalatayi ndiipinda m'kati mwake. Ngati ukuiwerenga, ndiye kuti uli ku Zomba ndipo waitambasula kale. Poyamba ndi pomwepo.

Kope lija ndakuikiranso. Linali langa zaka makumi awiri, tsopano ndi lako. Kumapeto kuli masamba opanda kanthu; ujambulemo zinayi zakozo, nambala iyambire pa makumi awiri. Aphunzitsi akaiona nsaluyo ulembemonso zimene anena, mawu awo enieni, osati mmene iwe wamvera mumtima. Za mumtimazo undilembere ine padera, ndiziwerenga, ngakhale umati sindimva zotero.

Chomaliza. Yang'ana ngodya ya kumunsi chakumanja. Ndabayapo singano, ulusi wakuda ndalowetsa kale. Nsalu yonseyi ilibe dzina paliponse, ndayang'ana mbali zonse ziwiri. Asiyatu ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, ntchito ya theka la ola. Usoke usanapite nayo kwa aphunzitsi, kalaliki asanakufunse kanthu. Ukafuna kuwonjezera dzina la bambo ako uwonjezere, koma lako likhale patsogolo. Iwo ketulo analandira kale.

Mulungu akusunge pa ulendo ndi pofika.

Ndine mayi ako,
amene ku Nselema amawatcha a Mpunga Wofiira.